Tikuwerenga nsomba, maukonde osawawerenga

Pa msika wa Kamwendo, kwa Zulu m'boma la Mchinji, nsomba sizisowa. Pa mabenchi pamakhala milu ya usipa wouma, bonya, utaka ndi milamba yowamba, zambiri zochokera kutali ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Wongodutsa angati nyanja ili bwino. Koma wogula ndiwo tsiku ndi tsiku amadziwa kuti mulu ukunka nuchepa pamene mtengo ukukwera, ndipo nsomba ya pamuluyo ikunka ning'onong'ono. Chambo chodzaza mbale chinasanduka ndiwo ya anamadyabwino. Chimene chimafika kumtunda kuno kawirikawiri ndi kasawala, ana a chambo amene agwidwa asanaswe n'kamodzi komwe, ngakhale malamulo amaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15.

Chimene chimatipusitsa ndi chiwerengero cha matani. Malipoti a boma amasonyeza kuti nsomba zophedwa m'dziko muno pa chaka zachuluka kuposa m'zaka za m'ma 1990, ndipo n'zoona. Komabe zoposa theka la nsombazo ndi usipa, kansomba koswana msanga, pamene chambo, mpasa ndi ntchila zinalowa pansi. Ndiponso matani paokha sanena kuti panapita ntchito yochuluka bwanji kuti apezeke. Mlimi wa mtedza amene chaka chino wakolola matumba makumi awiri ngati kale, koma atalima maekala atatu m'malo mwa imodzi, sanganene kuti nthaka yake ikadali yachonde. Panyanja funso lenileni n'lakuti khoka limodzi la chilimira likubwera ndi zidebe zingati pa usiku umodzi, ukonde wa mamita akutiakuti ukukola nsomba zingati. Chiwerengero chimenecho chikamatsika chaka ndi chaka, nsomba zikutha, kaya madoko adzaze chotani. Dziko la Canada linaphunzira izi mowawa: zombo zamphamvu zinkapezabe nsomba yotchedwa cod mpaka boma linatseka usodziwo ku Newfoundland mu 1992, anthu masauzande ambiri n'kukhala pa ulova.

Sitifunika kupita kutali choncho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyanja ya Malombe inkatulutsa chambo chokwana matani pafupifupi 8,000 pa chaka. Pomafika m'ma 1990 chinali chitatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe. Chimene chinachitika n'chodziwika: makoka a kambuzi ndi nkacha, a maso aang'ono, anachuluka mofulumira, akukokolola ana a chambo pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi momwe nsomba zimabisala. Boma litaona kuti silingathe lokha, mu 1993 linayambitsa komweko makomiti a m'madoko, ma BVC, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'midzi aziyang'anira nawo nsomba. Makomitiwo analimbana ndi kukula kwa maso a maukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Funso la kuchuluka kwa zida, loti Malombe angapirire nkacha zingati, linakhala lovuta kulikhudza, ndipo chambo sichinabwerere mwakale.

Chodabwitsa n'chakuti ziwerengerozo zilipo. Nthambi ya boma yoona za usodzi imachita kalembera wa asodzi, mabwato, maboti a injini ndi zida m'madoko, ndipo akatswiri ake ku Monkey Bay akhala akuyeza nsomba kwa zaka zambiri. Chosowa ndi kusandutsa ziwerengerozo kukhala malire. Kwa msodzi wamng'ono, laisensi ili ngati msonkho: wolipira walowa, ndipo ambiri salipira n'komwe. Laisensi yoteteza nsomba ndi imene ili ndi mapeto, yonena kuti doko lakuti lili ndi malo a zilimira zakuti, ndipo akadzaza adzaza. Kalemberayo naye ayenera kuzama, chifukwa bwato la lero si la dzana. Boti la injini lokhala ndi nyale zowala kwambiri, lopita kutali usiku uliwonse, silingawerengedwe mofanana ndi bwato lopalasa la nyale ya palafini.

Ena adzati nyanja imatsekedwa kale kuyambira pa 1 Novembala, nanga china n'chiyani? Kutseka kumathandiza, pakuti ndi nthawi imene chambo chimaswa ndi kusunga ana ake m'kamwa. Koma ngati tsiku lotsegula makoka olowa m'madzi ndi owirikiza a chaka chatha, zimene zinapulumuka m'miyezi yotsekayo zimatha m'masabata ochepa. Chilumba cha Mbenji ku Salima chimatchulidwa kawirikawiri ngati umboni woti kutseka n'kokwanira, chifukwa mafumu a kwa Makanjira akhala akuchitseka nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950. Otchulawo amaiwala kuti ku Mbenji amayang'ananso zida zimene msodzi wabwera nazo, amaletsa zina, ndipo wophwanya malamulo amapirikitsidwa pachilumbapo. Mphamvu ya Mbenji ili pa kudziwa amene ali m'madzi ndi chimene wanyamula.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha umphawi. Asodzi oposa 60,000 amadalira nyanja mwachindunji, osawerengera owamba, ogulitsa ndi onyamula, ndipo mnyamata amene munda wam'kanika amathawira kudoko. Kumuuza kuti malo adzaza n'kowawa, ndipo amene amanena za malire ali pa mpando wa mu ofesi asamapeputse zimenezi. Komabe kusiya khomo lotsegula sikum'pulumutsa, kumangogawa umphawiwo kwa anthu ambiri. Malire angayambe popanda kuchotsa aliyense: kulembetsa amene alipo, kuimitsa kuwonjezera zida zatsopano, ndi kuyamba kudula kwa eni zida ambirimbiri ndi zombo zikuluzikulu zokoka maukonde pansi, osati kwa alovi olembedwa ganyu. Palinso onena kuti nsomba zimatsata madzi osati asodzi, n'kumaloza nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995 koma matemba n'kubwerera madzi atadzaza. Izi n'zoona kwa matemba ndi usipa, ndipo malire a nsomba zimenezi angathe kumasinthasintha ndi chaka. Chambo chimatenga zaka kuti chikule ndipo chimaswa ana ochepa, choncho sichibwerera ndi mvula imodzi.

Nkhaniyi si ya kunyanja kokha. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji konkuno, ndipo kumunsi kwake, m'nkhalango ya Nkhotakota, ndi kumene mpasa umakwera kukaswa. Kumtunda kuno madzi akaphwera m'chilimwe, milamba ndi matemba zimaunjikana m'maiwe ochepa, ndipo kumeneko n'kumene anthu amatsikira ndi mono, maneti a udzudzu, ena mpaka katupe wopha chilichonse. Palibe amene amalemba kuti dziwe limodzi lalowedwa kangati pa mwezi. Nyakwawa ndi komiti ya m'mudzi angathe kuchita zimenezo ndi kope la sukulu: maiwe angati, osodza angati, zida zanji, ndi dziwe liti limene chaka chino lisakhudzidwe mpaka mvula itagwa.