Akadzuka pa kompyuta, pampando pamakhala wina

Wachinyamata wa kwa Kanduku amene wakhoza MSCE, akafuna malo ku yunivesite ya boma kapena ngongole ya fizi, amafunsira pa intaneti. Ngati pakhomo palibe foni yamakono, amadalira kompyuta ya anthu onse: ya mulaibulale, yapasukulu, kapena ya telesenta ngati ija inatsegulidwa kwa Khudze m'boma lomweli la Mwanza. Amalembapo nambala ya chiphaso cha unzika, ya foni imene amalandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi pasiwedi ya imelo. Akadzuka, pampandopo pamakhala wina.

Ngozi yeniyeni ili pomwepo. Akuba a pa intaneti alipodi: mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Koma kumudzi munthu amapwetekeka ndi zazing'ono: imelo yoiwala kutseka, chithunzi cha chiphaso chotsalira m'kompyuta, fulashi yoyenda paliponse itanyamula vairasi, ndi pasiwedi yotchulidwa mokweza kwa wothandiza chifukwa mwiniwake kutayipa kumamuvuta. Lamulo la 2016 lokhudza chitetezo cha pa intaneti limalanga wolowa m'kompyuta popanda chilolezo, ndipo la Data Protection la 2024 limapatsa udindo aliyense wosunga zinsinsi za anthu, koma khoti limabwera ndalama zitapita kale.

Ena amati ndi bwino kungotseka: Facebook ayi, fulashi ayi, ndipo wobwera ayambe wafotokoza chimene wadzera. Nkhawa yawo ndi yomveka, poti kompyuta ikafa kumudzi wokonza amachokera kutali. Komabe mlimi wa manachesi amasaka ogula pa Facebook pomwepo, ndipo mayi wofufuza za matenda ake akafunsidwa pagulu sabweranso. Onsewo akathamangitsidwa amakabwereka foni ya mnzawo, komwe chitetezo kulibiretu.

Chofunika n'chakuti kompyuta iziiwala. Ikhoza kukonzedwa kuti izifufuta zonse munthu akamaliza, isamalole mlendo kuikamo pulogalamu, ndiponso isalumikizane ndi ya muofesi yosunga mayina a obwereka mabuku. Wonena kuti ndalama palibe adziwe kuti zambiri mwa izi zili kale m'Windows kapena Linux. Chimene chimafuna ndalama ndi maphunziro a wogwira ntchitoyo, kuti azisonyeza munthu potayipa, iye n'kuyang'ana kumbali pasiwedi ikamalembedwa. National Library Service ndi MACRA akamawerengera mtengo wa makompyuta, maphunziro amenewo azikhala m'bajeti yomweyo.