Switch kapena if-else: tisankhe iti?

Ine ndikamalemba pulogalamu ndimayamba ndadzifunsa: kodi ndikuyang'ana chinthu chimodzi chokhala ndi mayankho odziwika kale? Taganizirani menyu ya pafoni yotumizira ndalama: 1 kutumiza, 2 kugula mayunitsi, 3 kuona zotsala. Pamenepa switch ndiyo mwini bwalo. Imawerengeka mosavuta, ndipo mu C, compiler imatha kuikonza kuti kompyuta ilunjike pa yankho, osayesa funso lililonse motsatizana.

Koma nkhani ikakhala ya malire, monga malikisi opitirira 75, kapena mafunso awiri olumikizana, if-else ndiyo yoyenera. Kukakamiza switch apo n'kudzivutitsa chabe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi break. Mukaiiwala mu C kapena Java, pulogalamu imatsetserekera mu case yotsatira mwakachetechete. Wogula mayunitsi n'kupezeka wachitiridwanso zina zimene sanapemphe, ndipo cholakwika chotere chimavuta kuchiona. Python inakhala zaka zambiri yopanda switch mpaka match itabwera mu 2021, pa Python 3.10, ndipo iyoyo sitsetsereka.

Inu amene mukuphunzira, musasiye default. Tsiku lina wina adzadina 9 ndithu.