Bokosi la maloko atatu ndi blockchain: funsani musanasankhe

Amayi, ambiri mwa inu muli m'magulu a banki m'khonde, ndipo bokosi la maloko atatu mumalidziwa. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo silitsegulidwa mpaka gulu lonse litakhala pansi. Palibe amene angatenge ndalama payekha. Nzeru yomweyi ndi imene akatswiri a makompyuta akuyesa kuika pa intaneti kudzera mu blockchain. Mwina tsiku lina wina adzafika pa msonkhano wanu foni ili m'manja, n'kunena kuti gulu lanu lisamukire kumeneko. Adzakupezeni mukudziwa zoti mufunse.

Blockchain ndi kaundula yemwe sasungidwa ndi mlembi mmodzi. Makompyuta ambiri m'maiko osiyanasiyana amasunga kaundula yemweyo, motero cholembedwamo n'chovuta kuchifufuta. Inayamba ndi ndalama ya Bitcoin mu 2009. Mu 2015 kunabwera Ethereum, yomwe imalola gulu kulemba malamulo ake mu pulogalamu yowatsata yokha, monga lamulo loti ndalama zisatuluke mpaka mavoti atakwana. Gulu lodzilamulira motere amalitcha DAO.

Mapulogalamu ochitira zimenezi alipo angapo. Safe imafanana ndi bokosi lanu: gulu limasankha anthu, mwina asanu, ndipo ndalama zimatuluka pokhapokha atatu mwa iwo avomereze. Snapshot ndi yoponyera mavoti popanda kulipira, koma payokha sisunga ndalama za gulu. Aragon imaphatikiza mavoti ndi thumba, koma cholemba chilichonse mu kaundula chimakhala ndi malipiro ake. Posankha pakati pa awa kapena ena, funsani mafunso asanu.

Loyamba: makiyi asunga ndani? Kiyi wa pa blockchain nthawi zambiri amakhala mawu achinsinsi 12 kapena 24. Wowadziwa ndiye mwini ndalama. Loko wa bokosi mutha kumuthyola kiyi akatayika, koma mawu awa akasowa palibe ofesi yokadandaulako. Ngati mnyamata wodziwa foni ndiye asunge makiyi onse "kuti akuthandizeni", ndiye kuti gulu lapereka bokosi kwa munthu mmodzi.

Lachiwiri: voti ndi ya munthu kapena ya ndalama? M'ma DAO ambiri mphamvu ya voti imatengera kuchuluka kwa ndalama zomwe munthu waika. Kwanu, mayi wa sheya imodzi ndi mayi wa masheya asanu amakweza dzanja limodzilimodzi. Musalole pulogalamu yolanda mayi wamasiye mawu ake.

Lachitatu: pakalakwika, akonza ndani? Mu 2016 gulu lotchedwa The DAO linasonkhanitsa ndalama zokwana pafupifupi madola 150 miliyoni. Mu June chaka chomwecho munthu wina anapeza polowera m'malamulo a pulogalamuyo ndipo anapatutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo. Pulogalamu imatsata zolembedwa basi. Sidziwa kuti mayi wachedwa kubweza ngongole chifukwa mwana wake wagonekedwa m'chipatala. Malamulo anu asiye mpata woti gulu likhale pansi n'kumva mlandu.

Lachinayi: kodi aliyense aitha? Mapulogalamu atatu aja amafuna foni yamakono, bandulo ndi Chingerezi. Ku Kenya, bungwe la Grassroots Economics linakonza Sarafu kuti izigwira ntchito ngakhale pa foni yamabatani, pongoimba manambala monga muchitira ndi Airtel Money kapena Mpamba. Phunziro lake n'loti chida chitsate anthu. Ngati amayi atatu okha mwa makumi awiri ndiwo angathe kuona kaundula, otsalawo ali mumdima kuposa kale.

Lachisanu: ndalama zanu zikhala za mtundu wanji? Reserve Bank of Malawi inachenjeza mu 2019 kuti ndalama ngati Bitcoin si ndalama zovomerezeka mwalamulo m'dziko muno. Mtengo wake umakwera ndi kutsika mwadzidzidzi, ndiye zomwe mwasunga m'January zitha kudzachepa pa tsiku logawana. Palinso akathyali. OneCoin inabera anthu m'maiko ambiri pomalonjeza phindu lalikulu, pamene blockchain yeniyeni inalibe, ndipo mtsogoleri wake Ruja Ignatova anasowa mu 2017. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wolonjeza phindu lotsimikizika, kapena wokuuzani kuti mukope anzanu kuti mulandire zambiri, m'bwezeni.

Wobweretsa pulogalamu akalephera kuyankha limodzi mwa mafunsowa momveka, m'Chichewa, pamaso pa gulu lonse, musafulumire. Kafunseni alangizi a CADECOM kapena a zachitukuko a m'dera lanu. Akayankha bwino onse, yambani ndi kuvota pa nkhani zing'onozing'ono, ndalama zikadali m'bokosi, ndipo mlembi apitirize kulemba m'buku lake kufikira mayi aliyense atanena yekha kuti wamvetsa.