Fumbi la Zokolola ndi Umoyo wa Mlimi

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala, alimi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakhala pa ntchito yopuntha chimanga, kuswa mtedza, kupeta ndi kusankha fodya. Ntchito zonsezi zimadzutsa fumbi, ndipo ambiri saliyesa kanthu. Koma alangizi ayenera kudziwa kuti fumbi la zokolola si dothi lokha ayi. M'menemo muli mungu, zitosi za anankafumbwe ndi makoswe, njere za chuku, ndiponso mankhwala osungira mbewu.

Kuopsa kwa fumbi kumayenda ndi kuchepa kwake. Lalikulu limakodwa m'mphuno ndi kukhosi, ndipo limatuluka ndi mamina. Losafika pa mayikulomita 10 limatsikira m'chifuwa, pamene losafika pa 2.5 limalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mayikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Choncho fumbi loopsa kwambiri silioneka ndi maso.

Munthu amene wapuma fumbi lambiri la chimanga chachuku angathe kuyamba kutentha thupi, kunjenjemera, kutsokomola ndi kuphwanya m'thupi patapita maola 4 mpaka 8. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, ndipo n'chifukwa chake wodwala ayenera kuuza achipatala ntchito imene amagwira tsikulo. Zikamachitika chaka ndi chaka, mapapo amachita zipsera zosapola ndipo munthu amabanika ngakhale pa ntchito yopepuka. Odwala mphumu, okalamba ndi ana obelekedwa kumbuyo ndiwo amavutika msanga. Kuonjezera apo, chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimapanga poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo amapezekanso m'fumbi la mbewu zoola.

Tsono pophunzitsa alimi tsindikani izi. Mbewu ziume bwino zisanasungidwe, chifukwa chinyontho ndicho chimabala chuku. Kupuntha ndi kupeta kuchitikire pabwalo, mphepo ikutengera fumbi kutali ndi munthu, ana ali patali. Posesa m'chigafa, m'chigayo kapena mosungira mbewu, ayambe awaza madzi pansi. Pothira mankhwala a ufa monga Actellic, atsate muyezo wolembedwa pa botolo, aphimbe mphuno ndi pakamwa, ndipo akatha asambe ndi sopo. Nsalu imatchinga fumbi lalikulu lokha. Ogwira ntchito m'zigayo tsiku ndi tsiku amafunika masiki a N95.

Amene watsokomola milungu iwiri apite kuchipatala akayezedwe chifuwa chachikulu, asamangoti ndi fumbi chabe.