Wogula puloti akabwera ndi ziopsezo

Munthu wagulitsa puloti ku Area 49 kapena ku Machinjiri, ndalama walandira, ina walipirira ana fizi, ina wagulira malata. Patapita miyezi wogula uja akutulukira: malowo sakuwafunanso, ndalama zake zibwerere pofika Lachisanu, apo ayi abwera ndi anyamata, kapena akamutsekeretsa kupolisi. Ambiri akamva mawu oti polisi amanjenjemera, nkuthamangira kukatenga katapila kuti abweze ndalama zomwe mwina lamulo silikuwakakamiza kubweza.

Nkhani yobweza ndalama ndi ya pakati pa anthu awiri, ndipo woigamula ndi bwalo la milandu poona zomwe anagwirizana. Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Wapolisi amene wakhazika wogulitsa pabenchi tsiku lonse, nkumuuza kuti sapita kwawo asanasaine kuti abweza, wadumpha malire a ntchito yake, ndipo dandaulo lotere limapita ku Independent Complaints Commission. Pepala losainidwa mwamantha limavuta kulikana pambuyo pake, choncho wogulitsa asafulumire kugwira cholembera asanaonane ndi loya. Wosowa ndalama za loya akagogode ku Legal Aid Bureau.

Kuopseza ndiko mlandu wa kupolisi. Ndime 88 ya Penal Code imalanga woopseza mnzake, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limakhudzanso ozunza anzawo pafoni ndi pa intaneti. Mauthenga a pa WhatsApp, ngakhale onyansa kuwawerenga, asafufutidwe. Wogulitsa awajambule, asunge nambala, tsiku ndi nthawi, alembe mayina a omwe anamva wogulayo akulalata pageti. Kubwezera mawu aukali kumangopatsa mnzakeyo umboni. Ngati wogula akubwerabwera pakhomo kudzasokoneza, loya akhoza kupempha chiletso ku High Court.

Koma wogulitsa adzifunsenso moona mtima ngati malondawo anali oyera. Wogula amene wangosintha maganizo chifukwa wapeza puloti yotchipa kwina alibe pogwira, pokhapokha ngati mgwirizano unamupatsa mpata wotero. Zimasintha ngati malowo anagulitsidwa kwa anthu awiri, ngati anali a banja ndipo abale sanavomere, kapena ngati wogulitsa anabisa kuti ali pa chikole kubanki. Apo wogula ali ndi chifukwa chofunira ndalama zake, ndipo ndime 319 ya Penal Code, yokamba zopeza ndalama mwachinyengo, ikhoza kumugwera wogulitsayo. Ngakhale zili choncho, wogula alibe ufulu wotuma anyamata kukanyamula mipando ya wogulitsa.

Mapepala ndi omwe amalankhula m'khoti: mgwirizano wosainidwa pamaso pa mboni, malisiti kapena mauthenga a kubanki, kalata ya amfumu ngati malowo ndi a kumudzi, chilolezo chosinthira umwini kuchokera kukhonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation ngati ndi a lizi.

Ngati awiriwa agwirizana kuthetsa malondawo, zilembedwe bwinobwino: ndalama zingati, zibwezedwa liti, pamwezi kapena pakamodzi, ndiponso kuti wogula abweza mapepala onse ndi kuchoka pamalopo. Ndalamazo zidutse kubanki, ndipo gawo lililonse likaperekedwa wogula asaine kuti walandira.