Tsitsi likapsa ndi mankhwala: zobisika kunsi kwa mpango

PALIBE mai amene amalowa mu saluni n'cholinga choti akatulukemo ndi zilonda. Aliyense amafuna kuti pa ukwati wa Loweruka, pa chinkhoswe kapena ku tchalitchi anthu acheuke. Komatu pa Boma la Ntcheu, pa Kampepuza, pa Lizulu ngakhale pa Tsangano Turn-off, si mpango uliwonse umene amai amamanga uli wa ulemu chabe. Kunsi kwa mipango ina kuli tsitsi loduka ngati mwadutsa njenjete, chipumi chothawira m'mbuyo, ndi nkhanambo zimene mwini wake safuna kuti ngakhale bambo a kunyumba azione.

Zikafika apa ndalama zimayamba kutuluka. Uyu akuti gulani mafuta awa, uyo akuti pakani dzira, winanso akuti thiraninso mankhwala kuti lifanane. Mai wagulitsa thumba la mbatatesi kapena dengu la tomato, ndalama yonse n'kuthera m'timabotolo, tsitsi osasintha.

Chilungamo chake ndi ichi, amai: tsitsi limene lapsa silichira. Chimene mungapulumutse ndi mizu, khungu la m'mutu ndi tsitsi latsopano limene likumera kunsiko.

Tidachokera kuti?

Kuongola tsitsi sikudayambe lero. Anachembere akukumbukira chipeso chachitsulo chimene ankachiika pa mbaula, n'kupaka Vaseline kumutu, fungo la tsitsi lopserera n'kumveka bwalo lonse. Koma kuongola kumeneko kudali kwa masiku ochepa. Mvula ikangokunyowetsani, tsitsi linkabwerera mwakale.

Nthawi ya chipani chimodzi boma linkalowerera ngakhale pa kavalidwe. Lamulo la 1973 linkaletsa amai kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi, ndipo abambo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zitabweretsa matipate, zingwe zidamasuka. Fashoni idalowa ndi mphamvu, ndipo mayina ngati Dark and Lovely, Revlon, Sofn'free ndi Inecto adazolowereka m'kamwa mwa atsikana ngakhale a kumudzi.

Ntcheu ili pa msewu wa M1, ndipo pa Lizulu msewuwo ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Katundu amafika kuchokera ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni ndi kutsidya. Wina ndi weniweni, wina ndi wachinyengo, winanso malangizo ake ali m'Chipwitikizi. Choopsa kwambiri ndi mankhwala otapa m'chigubu chachikulu n'kugulitsa m'tizibotolo topanda dzina, topanda tsiku lothera mphamvu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mankhwalawa amatani kumutu?

Tsitsi lililonse lili ngati chingwe cha khonje. M'kati muli timaulusi ta keratin tomangidwa ndi timfundo tolimba, ndipo kunja kuli timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo. Timambato tikagona bwino, tsitsi limawala ndipo limasunga chinyezi.

Rilakisa ntchito yake ndi kudula timfundo tija kuti tsitsi lopotana liongoke. Mitundu yambiri muli sodium hydroxide, yemwe ndi kositiki soda yemweyo amene amapangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka. Pa muyeso wa pH tsitsi ndi khungu la m'mutu zimakhala pa 4.5 mpaka 5.5, pomwe rilakisa amafika pa 12 mpaka 14. Mabokosi olembedwa kuti No-Lye asakupusitseni. M'menemo muli calcium hydroxide ndi guanidine carbonate, ndipo nawonso amaotcha, kuonjezera apo amaumitsa tsitsi.

Dayi wokhalitsa ali ndi njira yakeyake. Ammonia amatukula timamba tija, hydrogen peroxide n'kulowa kukaononga mtundu wachilengedwe, kenaka mtundu watsopano n'kukhazikika m'kati. Kuti tsitsi lakuda bii lisanduke lagolide kapena lofiira, pamafunika bulichi kuti achotse kaye kuda konse. Apa timamba timasweka ndipo tsitsi limatsala lowuma ngati udzu wa mu October.

Tsono taganizani mutu umene walandira zonse ziwiri tsiku limodzi chifukwa ukwati ndi mawa. Rilakisa wadula timfundo ta m'kati, dayi waswa mamba a kunja. Chatsala n'chiyani? N'chifukwa chake opanga mankhwalawa amalangiza kuti papite masabata osachepera awiri pakati pa rilakisa ndi dayi wokhalitsa. Bulichi pa tsitsi la rilakisa ndiye iai, osayerekeza.

Kuwawa si umboni

Pali bodza limene lazika mizu m'masaluni ndi m'makonde momwe atsikana amathirana mankhwala okhaokha. Mutu ukayamba kuotcha, mumva akuti pirirani pang'ono achemwali, ndiye kuti akugwira. Bodza! Kuotchako ndiye kuti khungu likupsa, ndipo pamene papsa kwambiri pamachita chipsera. Pa chipsera tsitsi silimeranso mpaka kalekale.

Mphindi zolembedwa pa bokosi zilipo pa chifukwa, ndipo pa mitundu yambiri sizipitirira 20. Wokonza tsitsi wodziwa ntchito yake amayang'ana wotchi, amavala magolovesi, amayamba wapaka Vaseline m'mphepete mwa chipumi, m'makutu ndi kunkhongo. Akaona bala kapena zipere m'mutu amakubwezani, ngakhale ndalama aifune. Pomaliza amatsuka ndi madzi ambiri ndi shampu wapadera wa neutraliser, chifukwa popanda ameneyu mankhwala otsalira amapitiriza kudya tsitsi inu muli kunyumba.

Cholakwika china chofala ndi cha ritachi. Ritachi ndi ya tsitsi latsopano lokha, lija lamera kunsi, ndipo pazipita masabata osachepera 8. Kupaka mankhwala kuchokera ku mizu mpaka kunsonga ulendo uliwonse kuli ngati kuphika nsima yophikaphika kale.

Dayi ali ndi msampha wake

M'madayi ambiri akuda muli mankhwala otchedwa PPD. Anthu ena thupi lawo limadana nawo: mutu umayabwa, matuza amatuluka, zikope ndi nkhope zimatupa. Chodabwitsa n'chakuti vutoli litha kuyamba mwa munthu amene wakhala akudaya zaka zambiri popanda chovuta, ndipo likayamba silichoka.

Pepala la m'bokosi limanena kuti mupake kadontho kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono, n'kudikira maola 48. Ndi angati amachita? Safunsa adadya phula. Nkhaniyi ikukhudzanso inu abambo amene mumathamangitsa imvi ndi timapaketi ta blakishampu, mpaka kudaya ndevu zomwe. Nkhope ikatupa, kapena mpweya ukayamba kubanika, musachedwe ndi zopakapaka za kunyumba. Thamangani ku chipatala chachikulu cha Ntcheu kapena chilichonse chapafupi, ndipo tengani paketiyo kuti adokotala akaione.

Ofufuza adapeza zotani?

Dokotala wa matenda a pakhungu wa pa yunivesite ya Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake adayeza mitu ya anthu ku Langa, ku South Africa, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2007. Adapeza kuti amai pafupifupi 32 pa 100 alionse adali ndi dazi la m'mbali lobwera chifukwa chokoka tsitsi, ndipo mwa atsikana a pasukulu adali 17 pa 100. Amene adali pa chiopsezo chachikulu ndi oluka zingwe kapena kusokera wivi pa tsitsi la rilakisa.

Apa ndiye pagona nkhani. Tsitsi likayamba kuduka, ambiri amathamangira kukaluka meshi yolemera kuti abise manyazi. Mizu yofooka kale ija imakokedwa usana ndi usiku, chipumi n'kumapita. Kuluka kumene kukukulepheretsani kugona, kapena kumene kwatulutsa tiziphuphu m'mphepete, n'kothina. Masulani tsiku lomwelo, ndalama mwalipirayo isakupwetekeni mtima.

Ku America nako, bungwe la boma la National Institutes of Health lidatulutsa kafukufuku mu October 2022, atatsatira amai oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11. Adawerengera kuti mwa amai osagwiritsa ntchito mankhwala oongola tsitsi, osakwana 2 pa 100 ndiwo angadwale khansa ya chiberekero pofika zaka 70, pomwe mwa othira koposa kanayi pa chaka chiwerengero chidafika 4 pa 100. Kafukufukuyo sadatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo gwero, ndipo sadapeze mgwirizano wotere ndi dayi. Komabe ndi chifukwa chokwanira chochepetsera maulendo a rilakisa, ndi kuwasiya ana aang'ono ndi tsitsi lawo lachibadwa.

Nanga lapsa kale, titani?

Choyamba, dziwani vuto lanu. Yang'anani tsitsi lotsalira m'chipeso. Ngati ndi lalitali ndipo kumapeto kuli kamutu koyera, lathothoka ku mizu, ndipo munthu aliyense amataya 50 mpaka 100 patsiku. Limathothoka lambiri miyezi ingapo mai akabereka, akadwala kwambiri, kapena magazi akachepa m'thupi, ndipo zimenezi n'za kuchipatala. Koma ngati ndi tizidutswa tatifupi todzaza pa phewa ndi pa pilo, limenelo likuduka chifukwa cha mankhwala kapena moto.

Chachiwiri, lekani zonse. Rilakisa, dayi, tonga ndi chipeso chamoto zipume miyezi ingapo. Ngati imvi zikukusowetsani mtendere, dayi wosakhalitsa wopanda ammonia ndi peroxide, uja amasuluka mukachapa kangapo, ndiye wopepukirako.

Chachitatu, sizasi. Nsonga yogawanika simatidwa ndi mafuta a mtengo uliwonse, imangong'ambika kukwera m'mwamba. Madzi akatayika saoleka. Dulani pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kapena limbani mtima mumete n'kuyambiranso. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho amene akukulonjezani tsitsi lofika m'mapewa pa masabata atatu akufuna ndalama zanu basi.

Chachinayi, kachapidwe. Sopo wochapira zovala ndi safu n'zaukali, zimatukula timamba tija ndi kusulutsa dayi. Chapani kamodzi pa sabata ndi shampu wofatsa ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Kenaka kondishona, ulendo uliwonse, mumusiye mphindi zingapo musanatsukuluze. Ngati madzi a pa mjigo wanu ndi aja sopo sachita thovu, tsukuluzani komaliza ndi madzi a mvula ngati alipo. Popukuta musakhule ngati mukukwecha poto, ingofinyani ndi nsalu yofewa.

Chachisanu, chinyezi. Mafuta paokha sanyowetsa tsitsi, ntchito yawo ndi kutsekera madzi amene alimo kale. Wazani timadzi kaye, kenaka pakani mafuta pang'ono, makamaka kunsonga. Mafuta a kokonati adayesedwa ndipo adapezeka kuti amalowa m'kati mwa tsitsi ndi kuchepetsa kuonongeka kwake. Mafuta a nsatsi amene agogo athu ankadzola amatsekera chinyezi bwino, ngakhale sameretsa tsitsi pa dazi. Peyala lakupsa lopotedwa limafewetsa kwa masiku ochepa. Dzira ndiye bola mudye, chifukwa tsitsi limamangidwa ndi zimene zalowa m'mimba: nyemba, usipa, mazira, nsinjiro ndi masamba obiriwira.

Chachisanu ndi chimodzi, chipeso ndi mpango. Gwiritsani chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira ku mizu. Samalani pamene tsitsi latsopano lakumana ndi la mankhwala, pakuti pamenepo ndi pamene limadukira. Lukani mizere yomasuka ndi tsitsi lanu lomwe, osaonjezera zolemera. Usiku mangani kampango koterera. Chitenje ndi chipewa chaubweya chimene timavala m'chisanu cha June ndi July ku Tsangano ndi ku Lizulu zimamwa mafuta ndi kukhula tsitsi, choncho koterera kakhale kunsi. Kumunda ndi kumsika mutu uzikhala wophimba, poti dzuwa limasulutsa dayi ndi kuumitsa tsitsi.

Pamene pachita bala la mankhwala, tsukani ndi madzi ambiri oyera, musatong'ole nkhanambo. Pakatuluka mafinya, kapena pakaoneka malo osalala ngati chikhatho pa liwombo kapena m'mbali, pitani kuchipatala msanga mizu isanafe.

Mau kwa eni masaluni

Ntchito ya saluni ikudyetsa mabanja ambiri m'boma muno, ndipo palibe akuti itsekedwe. Koma mtsikana amene wangophunzira poonerera asapatsidwe chigubu cha rilakisa tsiku loyamba. Maphunziro a ntchitoyi alipo kudzera ku TEVETA. A Malawi Bureau of Standards nawo asamathere m'masitolo a m'tauni, afike pa misika ya m'malire pomwe tizibotolo topanda dzina tikugulitsidwa poyera.

Ndipo inu anaJere, anaNgozo, anaPhiri, mutu ndi wanu. Funsani kuona bokosi, werengani tsiku lothera mphamvu, gwirani wotchi m'manja. Mukamva kuotcha nenani kuti tsukeni, ndipo nenani mokweza. Ukwati ndi wa tsiku limodzi, koma chipsera cha m'mutu mudzapita nacho ku maukwati a adzukulu.