Kuyenda wapansi ndi ana ku Tete: dzuwa ndilo limalamula ulendo

Aliyense wokhala mumzinda wa Tete amadziwa kuti kuno dzuwa silichita nthabwala. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, miyala imaotcha mapazi, ndipo ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa milambe. N'chifukwa chake makolo ambiri akamva za kutenga ana kukayenda m'mbali mwa mtsinje kapena kukakwera phiri, amati zimenezo n'za anthu a ku Angónia kozizira. Motero ana ambiri akukula akudziwa Zambezi kudzera pawindo la chapa basi, phiri akungoliona patali ngati la eni.

Inu kholo, dziwani kuti ulendo wotere ndi wotheka, ndipo sufuna ndalama zambiri. Chofunika n'kusankha bwino mwezi, ola ndi mtunda. Mukalakwitsa zitatuzi, kosangalala kuja kungathere kuchipatala.

Mwezi ndi ola

Dera lathu si chipululu, koma ndi louma. Mvula imagwa makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, kenako kumauma kwa miyezi yambiri. Nyengo yoyenera kuyenda ndi ana ndi kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene m'mawa kumazizira ndipo matope a dzinja auma. Tchuthi cha pa 25 Juni, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, chimagwa pakati penipeni pa nyengoyi. Seputembala akalowa, phiri lisiyeni lidikire chaka chamawa.

Nyamukani 6 koloko m'mawa, ndipo pofika 9 koloko mukhale mutabwerera pamthunzi. Ngati mwasankha madzulo, yambani ikakwana 4 koloko, koma kumbukirani kuti mu Juni dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo mdima suchedwa. Lamulo lina ndi ili: liwiro la ulendo ndi la mwana wamng'ono pa onse. Iye akatopa, ulendo watha, ngakhale nsonga ya phiri ikuoneka pafupi.

Ulendo woyamba: mlatho ndi mzinda wakale

Kwa ana aang'ono ndi agogo, yambani ndi njira yopanda chitunda. Mlatho wa Samora Machel, umene umalumikiza pakati pa mzinda ndi Matundo, ndi wautali mamita oposa 700, choncho kupita ndi kubwera ndi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Unamalizidwa mu 1973, ndipo anaujambula ndi katswiri wa ku Portugal, Edgar Cardoso. Ndi mlatho wolendewera: pansi pake poyenda magalimoto panakolekedwa pa zingwe zachitsulo zimene zimadutsa pamwamba pa nsanja. Aonetseni ana zingwezo, ndipo awerenge okha nsanjazo. Kuchokera mu 2014, pamene mlatho wa Kassuende unatsegulidwa kumunsi kwa mtsinje, magalimoto akuluakulu a katundu anapatsidwa njira ina, komabe pamlathopo pamadutsa magalimoto ndi njinga zamoto zambiri. Gwirani mwana padzanja ndipo yendani m'mbali mwa anthu apansi. Musanajambule zithunzi, yambani mwafunsa apolisi amene ali pamenepo.

Mukatsika pamlatho mbali ya mzinda, yendani pang'ono kukaona makoma a linga lakale la São Tiago Maior, limene Apwitikizi anamanga pafupi ndi mtsinje. Pamenepo mwana angamvetse chifukwa chake Tete anamangidwa pamalo ano: kalelo msewu waukulu unali Zambezi, ndipo malonda a golide, minyanga ya njovu ngakhalenso anthu ogulitsidwa ukapolo ankayenda pamadzi amenewa.

Ulendo wachiwiri: chitunda cha Boroma

Ana a zaka 6 kupita m'tsogolo angathe chitunda chaching'ono. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda, kulowera kumtunda kwa mtsinje, pali mishoni ya São José de Boroma, imene ansembe a chipani cha Ajezuwiti anayambitsa m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chake chachikulu chili pachitunda choyang'ana Zambezi. Mpaka ku Boroma pitani pagalimoto. Wapansi muyende gawo lomaliza lokha, kuchokera kumunsi kukwera kutchalitchiko. Mukafika pamwamba mudzaona mtsinje ukukhotakhota, zilumba zamchenga, ndi minda ya m'mbali mwa madzi yobiriwira pakati pa dziko lofiirira.

Kumbukirani kuti Boroma ndi mudzi wa anthu ndiponso malo opempherera. Perekani moni, nenani chimene mwadzera, ndipo pemphani chilolezo musanalowe m'nyumba iliyonse. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chinyungwe, chimene n'chapachibale ndi chinenero chathu, motero kumvana sikuvuta.

Ulendo wachitatu: phiri la Caroeira

Phiri limene limaoneka kuseri kwa mzinda ndi la Caroeira. David Livingstone, amene anafika ku Tete mu Malichi 1856, analitchula m'mabuku ake. Ulendo uwu ndi wa ana okulirapo, a zaka 10 kupita m'tsogolo, chifukwa njira yake ndi yamiyala ndipo mthunzi ndi wochepa. Musadzikakamize kufika pansonga tsiku loyamba. Kwerani kwa mphindi 30 kapena 40, pumulani, yang'anani kumbuyo: mzinda, mlatho ndi mtsinje zidzakhala pansi panu. Kenako tsikani. Potsika ndi pamene anthu ambiri amagwa, chifukwa timiyala timaterereka ndipo miyendo imakhala itatopa kale.

Musapite nokha ngati njira simukuidziwa. Funsani mlembi wa bairro kapena mfumu ya m'deralo kuti akupezereni munthu wodziwa phirilo, ndipo mugwirizane za kangachepe musananyamuke. Iye adzakuuzaninso malo a manda kapena a mizimu amene alendo saloledwa kupondapo. Wina wotsala kunyumba adziwe kumene mwapita ndi ola limene mubwere.

Zonyamula

Madzi ndiwo katundu woyamba. Munthu aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi lita imodzi pa ulendo wa maola awiri, ndipo wamkulu anyamule ina yapadera. Akhale madzi owiritsa kapena othira Certeza. Ana amwe pang'onopang'ono nthawi ndi nthawi, osadikira ludzu. Avale chipewa ndi nsapato zotseka, osati patapata, chifukwa m'tchire lathu muli minga, zinkhanira ndi njoka. Kamba wake akhale wosavuta: nthochi, mtedza, mbatata yophika, kapena masau amene amachuluka nyengo yomweyi. Onjezani chitenje chopangira mthunzi, foni yokhala ndi moto, ndi thumba lotayamo zinyalala.

Zoopsa zimene muyenera kuzidziwa

Choyamba ndi kutentha. Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, kapena akangoti zii osayankhulanso, imani pomwepo. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa ndipo mum'mwetse madzi pang'onopang'ono. Ngati muli ndi paketi ya SRO, isungunuleni mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati mulibe, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Koma mwana akayamba kubwebweta, kukomoka, kapena thupi likatentha kwambiri, thamangirani naye kuchipatala mukumuziziritsa m'njira. Wokomoka musam'mwetse kanthu.

Chachiwiri ndi mtsinje. Thukuta likatuluka, ana amafuna kusamba. Akanizeni. Mu Zambezi ndi mu Revúbuè muli ng'ona, m'malo ena mulinso mvuu, ndipo madzi odikha a m'mbali angakhale ndi tizilombo ta likodzo. Mtsinje muuonere patali.

Chachitatu ndi zotsala za nkhondo. Mu Seputembala 2015 boma linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira m'dziko muno yachotsedwa. Ngakhale zili choncho, phunzitsani ana kuti chitsulo chachilendo cha m'tchire sachitola, sachigenda, sachimenya ndi mwala. Achisiye pomwepo, auze wamkulu, wamkuluyo akanene kupolisi.

Chachinayi ndi moto. Udzu wa mu Julayi umayaka ndi kachitsa ka fodya kokha, ndipo moto wa m'phiri umathamanga kuposa mwana. Musasonkhe moto, ndipo mukaona utsi kutsogolo, bwererani.

Chimene mwana amabwera nacho

Ulendo wabwino sayeza ndi makilomita. Muuzeni mwana mayina a mitengo imene mukudutsa: mlambe, msau, tsanya, bwemba. Mufunseni chifukwa chake mlambe umayoyola masamba m'chilimwe, kenako mufotokozereni kuti umatero posunga madzi amene uli nawo m'thunthu lake lalikululo. Muonetseni zitsa zimene zatsala pamene anthu anaotcha makala, ndi ngalande zimene mvula yakumba pamalo opanda mitengo. Awerenge yekha zikwangwani za m'njira, ndipo pofika kunyumba alembe m'kope mayina asanu atsopano amene waphunzira, m'Chipwitikizi ndi m'chinenero cha kwawo. Agogo akakhala nawo pa ulendowu, mayinawo sadzasowa.

Pobwerera, thumba la zinyalala libwere lodzaza. Mabotolo ndi mapepala apulasitiki otayidwa kuphiri amadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe za anzathu, ndipo ena mvula imawakokolera mumtsinje umene tonse timamwa.

Yambani ndi mlatho Loweruka likubwerali ngati nyengo ikulola. Ana akauzolowera, Boroma atsatire, ndipo Caroeira akhale womaliza. Mukadzuka mochedwa n'kupeza dzuwa lakwera kale, musaumirire: ulendowo usiyeni mpaka sabata yamawa.